Mmene mungafufuzire ndi kulemba mbiri ya chiyambi cha tauni yaing'ono ya kumudzi

Matauni ang'onoang'ono ambiri a kumudzi alibe buku lofotokoza mmene adayambira, ndipo ochepa amene ali nalo, kawirikawiri bukulo limangotchula chaka chimodzi ndi dzina la munthu mmodzi, ngati kuti munthuyo adafika patchire lopanda mwini n'kuimika tauni yekha. Mphunzitsi, wophunzira wa ku koleji, mtsogoleri wa mpingo kapena munthu wina aliyense wokonda zakale angathe kulemba mbiri yoposa imeneyo ngakhale alibe digiri, malinga akhale ndi ndondomeko, akhale woleza mtima, ndiponso asamafulumire kukhulupirira zonse zimene wauzidwa kapena wawerenga. Malangizo otsatirawa ndi othandiza pa tauni ya m'dziko lililonse, ndipo zitsanzo zake zachokera m'maiko angapo.

Tauni imakhala ndi zaka zoyambira zingapo

Musanafunse munthu aliyense, tengani kope ndipo mulembe mafunso anayi, lililonse patsamba lakelake. Loyamba likhale lakuti: ndani ankakhala pamalopo tauni isanakhaleko, ndipo deralo ankalitchula dzina lanji? Lachiwiri: n'chiyani chidabwera chimene chidachititsa kuti anthu opanda ubale ayambe kumanga moyandikana ndi kudalira malonda kapena ntchito yolipidwa, osati munda wokha? Lachitatu: ndi liti pamene msika, sukulu, chipatala, positi ofesi ndi polisi zidakhazikika? Lachinayi: ndi chaka chiti chimene boma lidavomereza malowo mwalamulo kukhala tauni n'kuwadulira malire? Mayankho a mafunso amenewa amatha kutalikirana ndi zaka 50 kapena kuposerapo, ndipo anthu ambiri amene amatsutsana za chaka chimene tauni yawo idayamba amakhala kuti onse akunena zoona, kungoti wina akuyankha funso loyamba pomwe mnzake akuyankha lachinayi.

Mwa mafunso anayiwa, lachiwiri ndilo tsinde la ntchito yonse, ndipo nthawi yanu yambiri iyenera kuthera pamenepo. Mudzi ungathe kukhala pamalo amodzi kwa mibadwo yambiri osasanduka tauni. Chimene chimausandutsa ndi chinthu chooneka ndi maso, chokhala ndi chaka chake, chimene chidapatsa mlendo chifukwa choti aime pamenepo m'malo mopitirira ulendo.

Fufuzaninso msanga ngati tauniyo idasamukapo, chifukwa dzina limatha kuyenda kusiya malo akale kumbuyo. Mishoni ya Livingstonia idayambira ku Cape Maclear mu 1875, idasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo idakakhazikika pa phiri la Khondowe mu 1894. Choncho kalata yolembedwa mu 1878 yokhala ndi dzina la Livingstonia pamwamba pake sikunena za malo amene timawadziwa lero ndi dzina limenelo. Chimodzimodzinso ku Zambia: amalonda oyamba a ku Ulaya m'dera la Victoria Falls ankakhala pa doko lotchedwa Old Drift, m'mphepete mwa Zambezi, pomwe malungo ankapha anthu kwambiri, ndipo mlatho wa njanji utamalizidwa mu 1905 anthuwo adasamukira kumtunda kumene kuli tauni ya Livingstone tsopano. Pa Old Drift padatsala manda, ndipo wofuna chiyambi cha Livingstone ayenera kukayambira pamandapo.

Chimene chidakoka anthu ndicho chimakulozerani kumene kuli zikalata

Mukazindikira chimene chidabereka tauni, mwadziwa kale theka la kumene mukafufuze, pakuti mtundu uliwonse wa chiyambi umasiya mapepala akeake.

Ngati ndi njanji, kumbukirani kuti sitima zakale zamalasha zinkafunika kumwa madzi pafupipafupi, motero mainjiniya ankaika siteshoni pomwe pali madzi ndi malo athyathyathya, osalabadira kwenikweni ngati pali mudzi waukulu kapena ayi. Nairobi, umene lero ndi mzinda waukulu, udayamba mu 1899 ngati msasa ndi mosungira zipangizo za njanji yochokera ku Mombasa, ndipo Salima idakula njanji yochokera ku Blantyre itafikako mu 1935. Makampani a njanji ankasunga malipoti a mainjiniya, kaundula wa antchito ndi timabuku ta nthawi za maulendo a sitima. Chaka chimene dzina la siteshoni likuyamba kuoneka m'timabuku timeneti ndi umboni wolimba kwambiri.

Ngati ndi mgodi, funafunani kaundula wa ziphaso za okumba miyala ndi malipoti a kampani. Pilgrim's Rest, ku South Africa, idadzaza ndi anthu golide atapezeka mu 1873, ndipo Kabwe idayamba miyala ya mtovu ndi zinki itapezeka mu 1902. Matauni oterewa amakula mothamanga, okhalamo oyamba amakhala amuna okhaokha pafupifupi, ndipo ambiri mwa iwo amachoka miyala ikachepa, kotero kuti zidzukulu za oyambitsa enieni sizipezeka pamalopo. Musadabwe mukaona kuti mabanja amene amadzitcha akale kwambiri adafika patapita zaka 20.

Ngati ndi mishoni, muli ndi mwayi, chifukwa amishoni ankalemba kwambiri kuposa wina aliyense. Ankafunika kufotokozera anthu owathandiza ndi ndalama kwawo mmene ntchito ikuyendera, motero adasiya makalata, magazini, mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku ndi zithunzi. Mvera idatsegulidwa mu 1889 ndipo Nkhoma mu 1896, zonse ziwiri ndi amishoni a Dutch Reformed Church, amene zikalata zawo zambiri zili ku Stellenbosch. Mua idatsegulidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, amene likulu lawo ndi nkhokwe yawo ya zikalata zili ku Rome, pomwe makalata ambiri a amishoni a ku Scotland ali ku National Library of Scotland mu mzinda wa Edinburgh. Koma musathamangire kutali musanafunse pamishoni pomwepo, poti mabuku ofunika kwambiri nthawi zambiri amakhala ali m'kabati ya mu ofesi ya mbusa kapena wansembe.

Ngati ndi linga la asilikali kapena ofesi ya boma, mapepala ake ndi a msonkho, a milandu ya kukhoti, malipoti apachaka ndi mabuku amene olamulira maboma ankalembamo mayina a mafumu, midzi, misewu ndi nyengo. Ngati ndi doko lowolokera mtsinje, mphambano ya misewu, esiteti kapena msika wa mbewu, zolembedwa zimachepa, ndipo mudzadalira kwambiri ziphaso za masitolo, mapu ndi mawu a akuluakulu.

Pali matauni ena amene adayambitsidwa ndi anthu wamba ofuna malo awoawo. Nicodemus, m'chigawo cha Kansas ku America, idayamba mu 1877 ndi anthu akuda, ambiri ochokera ku Kentucky, amene ankafuna minda yawo ukapolo utatha. M'nyengo yoyamba ankakhala m'nyumba zokumba pansi, ndipo n'chifukwa chake wofufuza sangayembekezere kupeza nyumba yoimirira ya chaka choyambacho. Anthu a ku Nicodemus adayembekezera kuti njanji idzadutsa kwawo, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 idalambalala, ndipo amalonda ambiri adasamukira ku Bogue, tauni yatsopano ya m'mbali mwa njanjiyo. Nkhani imeneyi ikukupatsani funso lina loyenera kufunsa kulikonse: n'chiyani chimene anthu ankachidikira koma sichidabwere, ndipo ndi malo ati oyandikana nawo amene adafota pamene tauni yanu inkakula? Kawirikawiri kukula kwa tauni imodzi ndi kufa kwa inzake ndi nkhani imodzi.

Yendani pamalopo musanatsegule buku lililonse

Patulani nthawi yoyenda wapansi m'tauni monse muli ndi pepala lalikulu, ndipo mujambule mapu anuanu osonyeza misewu, mitsinje, zitsime, manda, nyumba zopemphereramo, msika ndi nyumba zonse zooneka zakale. Pakati penipeni pa tauni yakale kawirikawiri si pomwe pali phokoso lero. Msewu wa tala ukabwera umakoka masitolo onse, n'kusiya mzere wa nyumba zakale zamakhonde ndi nsanamira zikugumuka kuseri, pafupi ndi siteshoni kapena doko limene lidasiya kugwira ntchito. Mitengo ikuluikulu yodzalidwa pamzere patchire imasonyeza msewu kapena bwalo lakale, ndipo malo okwera pang'ono odzaza ndi mapale ndi phulusa ndi bwinja la mudzi. Bwinja loterolo musalikumbe. Lijambuleni, lembani pomwe lili, ndipo dziwitsani a nyumba yosungira zinthu zakale, chifukwa m'maiko ambiri lamulo limaletsa kukumba malo otere popanda chilolezo.

Zaka zolembedwa pa zinthu ziwerengeni mosamala. Mwala wa maziko a tchalitchi umanena chaka cha nyumba ya njerwa imene ilipoyo, pomwe mpingowo udayamba kupemphera m'kachisi wa udzu mwina zaka 15 m'mbuyo mwake. Mukawerama n'kuyang'ana m'mbali mwa chitsulo cha njanji, pakati pa mutu wake ndi phazi lake, mudzaona zilembo zotukuka zosonyeza dzina la fakitale ndi chaka chimene chitsulocho chidasulidwa. Chaka chimenecho chikukuuzani kuti chitsulocho sichidayalidwe chisanafike chakacho, koma sichikukuuzani kuti njanji idafika liti, popeza zitsulo zimasinthidwa zikatha ndipo zina zimabwera zitagwira kale ntchito kwina. Kumanda, mutapempha chilolezo kwa oyang'anira, lembani mawu onse a pa ziliza zakale kwambiri, ndipo muonenso manda opanda ziliza amene ali pambali pake, chifukwa amenewo ndiwo ambiri, ndipo eni ake ndi amene adaumba njerwa ndi kusenza katundu wa anthu a pa zilizawo.

Kucheza ndi akuluakulu

Gawo ili ndilo lofunika kulichita mwachangu, pakuti zikalata zingathe kukudikirani chaka china koma munthu wa zaka 90 sangakulonjezeni zimenezo. Yambani mwadziwitsa atsogoleri a deralo cholinga chanu, kenaka funsani anthu osiyanasiyana kuti akulozereni odziwa zakale. Musalole kuti mtsogoleri yekha akusankhireni onse oti mucheze nawo, chifukwa mwachibadwa adzakutumizani kwa okhawo amene amafotokoza nkhani mokomera banja lake. Funani amayi achikulire, ana a amisiri, a azamba, a makalaliki, a ogwira ntchito panjanji ndi a amalonda obwera. Amayi kawirikawiri amakumbukira bwino maukwati, kubadwa kwa ana ndi imfa, ndipo zimenezi ndizo zimathandiza kupeza zaka.

Chezani ndi munthu mmodzimmodzi. Pagulu, wolemekezeka kwambiri akayankhula ena onse amangovomereza, ndipo mumabwerako ndi nkhani imodzi m'malo mwa zisanu. Pemphani chilolezo chojambula mawu pafoni, mufotokoze kumene mawuwo adzapite, ndipo kumayambiriro kwa chojambulacho mutchule tsiku, malo ndi dzina la wolankhulayo. Mafunso anu asakhale oika mawu m'kamwa. M'malo mofunsa kuti, "Kodi si uje amene adamanga sitolo yoyamba?" funsani kuti, "Agogo, inu mukukula, pamalo pano panali chiyani?" Akatha kufotokoza nkhani iliyonse, funsani mwaulemu kuti, "Zimenezi mudaziona nokha, kapena adakuuzani ndani?" Yankho la funso limeneli lilembeni nthawi zonse, chifukwa limasiyanitsa mboni yoona ndi maso, nkhani yolandira kwa makolo, ndi nkhani ya m'maluwa. Nthawi zina mudzapeza kuti zimene gogo akufotokoza adazimva pawailesi kapena adaziwerenga m'kabuku ka chikondwerero cha mpingo, ndipo zikatero si umboni wachiwiri koma ndi kabuku komweko kakulankhula kudzera pakamwa pa munthu.

Anthu sakumbukira zaka ndi manambala. Amakumbukira kuti chakuti chidachitika chakuti chisanachitike. Choncho konzeranitu mndandanda wa zochitika zikuluzikulu zimene zaka zake n'zodziwika: nkhondo ya 1914 mpaka 1918, mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919, nkhondo ya 1939 mpaka 1945, nyenyezi ya mchira ya Halley imene idaoneka mu 1910 ndi mu 1986, komanso njala, dzombe, kusefukira kwa madzi, kusintha kwa ndalama ndi chaka cha ufulu wa dzikolo. Chitsanzo chotchuka cha njira imeneyi ndi cha Angoni a Zwangendaba, amene ankakumbukira kuti tsiku limene ankawoloka Zambezi dzuwa lidada masana. Akatswiri a zakuthambo adawerengera n'kupeza kuti kadamsana ameneyo adachitika mu Novembala 1835, ndipo mwa njira imeneyo nkhani yapakamwa idapeza mwezi ndi chaka chake.

Tiyerekeze kuti gogo wina wobadwa cha mu 1945 wakuuzani kuti bambo ake ankati sitolo yoyamba idamangidwa iwo ali mnyamata wa zaka pafupifupi 10. Mukafunsa, mwapeza kuti gogoyo ndi mwana wachisanu, ndiye kuti bambowo adali ndi zaka pakati pa 35 ndi 40 pamene iye ankabadwa. Bambowo adabadwa tsono pakati pa 1905 ndi 1910, ndipo sitoloyo idamangidwa pakati pa 1915 ndi 1920. Mukafunsanso ngati zidachitika mliri wa chimfine usanafike kapena utadutsa, gogo n'kukumbukira kuti mmisiri woyamba adafa ndi mliriwo khoma lisanafike pazenera, mwatsala ndi 1918 kapena 1919. Kumeneko ndiye mukayambire kufunafuna m'kaundula wa ziphaso za masitolo, m'malo motsegula mabuku a zaka 30.

Mndandanda wa mafumu umathandizanso, koma uli ndi misampha. Anthu amakonda kuwerengera zaka 25 mpaka 30 pa mbadwo uliwonse, zimene zimagwira ntchito pokhapokha ngati ufumu unkachoka kwa kholo kupita kwa mwana kapena mphwake wa mbadwo wotsatira. Pomwe abale atatu a mbadwo umodzi adalamulira motsatizana, mayina atatuwo si mibadwo itatu. Pomwe dzina la ufumu limalowedwa, dzina limodzi lingaimire anthu anayi, ndipo zochita za onsewo zimaunjikidwa pa woyambayo. Mfumu imene idachotsedwa mwamanyazi imatha kusowa m'mndandanda. Jan Vansina, katswiri wa ku Belgium amene adafufuza kwa zaka zambiri mbiri yapakamwa ya ku Africa, makamaka ya Akuba a ku Congo, adaonetsa kuti anthu amafotokoza zambiri za chiyambi chenicheni ndi za mibadwo yaposachedwa, koma zapakati zimachepa kapena kusoweratu, kotero kuti woyambitsa wakale kwambiri amaoneka ngati adali agogo a agogo chabe. Mukaona nkhani ikudumpha kuchoka pa kholo loyamba n'kufika pa kubwera kwa njanji, dziwani kuti pakatipo pangakhale mibadwo yoiwalika.

Kunkhokwe ya zikalata

Musanapite kunkhokwe ya zikalata zakale za boma, lembani mayina onse amene tauniyo idakhalapo nawo ndi kalembedwe kake konse, apo ayi mudzabwerako chimanjamanja pomwe mafailo alipo. Chipata idali Fort Jameson, Mbala idali Abercorn, Kabwe idali Broken Hill, Nsanje idali Port Herald, Chitipa idali Fort Hill, Mchinji idali Fort Manning, Chivhu ya ku Zimbabwe idali Enkeldoorn, ndipo Ulongwe ya ku Mozambique idali Vila Coutinho. Thyolo inkalembedwa Cholo, Mulanje inkalembedwa Mlanje, ndipo Nkhotakota inkalembedwa Kota Kota. Dziwaninso boma limene malowo ankawerengedwamo pa nthawiyo, popeza malire a maboma amasintha, ndipo failo ya tauni yanu ingakhale pansi pa dzina la boma loyandikana nalo.

Yambani ndi gazeti ya boma, chifukwa m'menemo ndimo ankalengeza kutsegulidwa kwa positi ofesi, misika, makhoti, kugulitsidwa kwa mapuloti ndi malire a tauni. Kenaka onani malipoti apachaka a boma la deralo, zikalata za malo, kalembera wa anthu ndi nyuzipepala zakale, osaiwala zotsatsa malonda, zimene zimatchula masitolo ndi eni ake mosabisa. Mapu muwaike motsatana ndi zaka zake kuti muone pamene dzina likuyamba kuoneka, koma dziwani kuti ojambula mapu ankakopera mapu akale, ndipo chaka chosindikiza si chaka chimene adayeza malowo. Chaka choyezera chimalembedwa m'zilembo zazing'ono m'munsi. Boma la Britain lidakhazikitsa Directorate of Colonial Surveys, nthambi yoyeza malo ndi kujambula mapu, mu 1946, ndipo kuyambira pamenepo madera ambiri a maiko amene linkawalamulira adajambulidwa zithunzi kuchokera m'ndege. Pa zithunzi zoterezi mungathe kuwerenga madenga limodzilimodzi. Anthu osonkhanitsa masitampa nawonso musawapeputse: amasunga mndandanda wa zidindo za mapositi ofesi ang'onoang'ono ndi masiku ake oyambirira.

Mukauzidwa kuti mapepala a zaka zina kulibe, musagwe mphwayi. Moto udawononga zikalata zambiri za boma ku Zomba mu 1919, udawononga mbali yaikulu ya kalembera wa ku America wa 1890 mu 1921, ndipo udapsereza nkhokwe ya zikalata ya ku Dublin mu 1922. Komabe kalata iliyonse imakhala ndi wolemba ndi wolandira, ndipo imene idapsa mbali imodzi ingapezeke mbali inayo. Makalata amene abwanamkubwa a Nyasaland ankatumiza ku London ali ku National Archives ya ku Kew, m'gulu la mafailo lotchedwa CO 525. Zikalata zina za m'maiko ambiri zidajambulidwa ndipo zikupezeka kwaulere pa intaneti kudzera mu Endangered Archives Programme, ntchito yopulumutsa zikalata zakale ya laibulale ya British Library.

Kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati ngwofunika kumuwerenga modekha. Tsamba lake limakhala ndi mizere yotsika: tsiku, dzina la wobatizidwa, mayina a makolo, mudzi, mboni, ndi siginecha ya wobatiza. Ambiri amangoyang'ana mzere wa mayina kufunafuna agogo awo, koma inu tsatirani mzere wa mudzi ndi chala, tsamba ndi tsamba. Poyamba mudzaona mayina a midzi yozungulira okhaokha. Kenaka, pa tsamba lina, dzina la tauni lidzatulukira kamodzi, mwina lolembedwa mosiyana ndi lero, ndipo patapita zaka zingapo lidzayamba kubwera kawirikawiri, limodzi ndi mayina a makolo a zilankhulo zina. Pamenepo mukuona tauni ikubadwa. Onaninso inki ndi kalembedwe: ngati masamba a zaka 10 alembedwa ndi dzanja limodzi, inki imodzi, mwaukhondo wofanana, ndiye kuti bukulo lidakoperedwa pambuyo pake kuchokera ku lina, ndipo wokoperayo angakhale atasintha mayina a malo kuti agwirizane ndi a m'masiku ake.

Chikalata chilichonse chimene mwagwiritsa ntchito, lembani nambala ya failo, tsiku, wolemba ndi wolandira nthawi yomweyo musanatseke failoyo.

Kuyeza umboni

Chinthu chikhale chotsimikizika kwa inu pamene maumboni awiri osadalirana agwirizana, mwachitsanzo mawu a gogo ndi chidziwitso cha m'gazeti, kapena kalata ya mmishoni ndi lipoti la wokhometsa msonkho. Mabuku asanu okopera buku limodzi ndi umboni umodzi. Pa chikalata chilichonse dzifunseni kuti wolembayo ankalembera yani ndipo ankafuna chiyani. Mmishoni wopempha ndalama ankakulitsa mavuto amene adawapeza ndi zipatso za ntchito yake. Kampani yogulitsa mapuloti inkatcha tauni malo okhala ndi nyumba zitatu. Ndipo wofuna kutenga malo ankalemba kuti adapeza dziko lopanda anthu, ngakhale kuti tsamba lotsatira la buku lake lomwelo likutchula mfumu imene idamupatsa malowo ndi anthu amene adamugulitsa chakudya. Zolembedwa sizoona kuposa zapakamwa chifukwa choti zili papepala. Mphamvu yake ili pa masiku ndi manambala, pomwe mphamvu ya akuluakulu ili pa zifukwa, maubale ndi mayina a anthu amene olemba sadawaone kukhala oyenera kutchulidwa.

Nthano zofotokoza gwero la dzina la tauni zilembeni zonse monga mwazimvera, koma muziike m'gulu la zimene anthu amanena, pokhapokha mutapeza umboni wa nthawi yomweyo.

Kulemba ndi kusunga

Yambani ndi malo ndi anthu amene adalipo kale, kenaka chimene chidabwera, anthu amene chidawakoka ndi kumene adachokera, mavuto a zaka zoyambirira, ndi kukhazikika kwa msika, sukulu ndi zina. Sankhani polekezera pomveka, monga chaka chimene tauni idalandira khonsolo yake kapena pamene mbadwo wa oyambitsa udatha, kuti mbiri ya chiyambi isasanduke mbiri ya zonse. Mawu anu asonyeze kulimba kwa umboni: "gazeti ya chaka chakuti ikusonyeza kuti", "mabanja awiri amafotokoza kuti", "pofika chaka chakuti sitolo idalipo kale". Mawu akuti "pofika" ndi oona mtima kuposa chaka chenicheni chongopeka. Pomwe nkhani ziwiri zikutsutsana ndipo palibe chozilekanitsa, zilembeni zonse ziwiri pamodzi ndi eni ake.

Samalani kwambiri ndi funso la amene adayamba kufika, chifukwa m'madera ambiri limakhudza ufumu ndi malire a minda, ndipo kabuku kanu kangathe kudzatengeredwa kubwalo la milandu ngati umboni. Musalembe mokomera amene wakulipirirani ulendo, ndipo munthu amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe, musalitchule. Musanasindikize, bwererani kwa amene mudacheza nawo mukawawerengere zigawo zimene muli mawu awo, kuti akonze pomwe simudamve bwino. Zimenezi sizikuwapatsa ufulu wofufuta umboni wa anzawo.

Mawu ojambulidwa muwalembe papepala m'chilankhulo chimene adayankhulidwira, musanawamasulire. Mafailo a mawu ndi zithunzi muwasunge malo osachepera awiri, osati pafoni pokha, ndipo dzina la failo iliyonse likhale ndi tsiku ndi malo. Zikalata ndi zithunzi za mabanja muzijambule pomwepo n'kuzibweza m'manja mwa eni ake tsiku lomwelo. Ntchito ikatha, perekani kope limodzi la zonse, pamodzi ndi mapu anu ndi mndandanda wa mafailo amene mudawerenga, ku sukulu kapena laibulale ya m'tauniyo, ndipo lina ku nkhokwe ya zikalata ya dziko lanu.